Sewero la Sopo

Keziah Ngulube anabadwira ku Ndake, m'dera la Nyimba, m'banja la alimi a chimanga ndi thonje. Mwa ana asanu ndi awiri a m'nyumbamo, ndi iye yekha amene anafika Sitandade 6. Bambo ake ankati mwana ameneyu khasu silimukhala m'manja, akamapalira amadula chimanga n'kusiya udzu, choncho kunali bwino apite akavutitse aphunzitsi. Ufulu utabwera, masukulu anamera ngati bowa, koma aphunzitsi anali ochepa. Aliyense wodziwa kulemba bwino pa bolodi ankapatsidwa choko. Mu 1966, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Keziah anakwera lole ndi bokosi lake la malata ndi mphasa yokulunga, kupita ku kasukulu ka zipinda zitatu m'dera la Kalindawalo, pafupi ndi Petauke. Anamuuza kuti ayambe waphunzitsa, malo akapezeka ku koleji adzamuitana. Malowo sanapezeke mpaka kalekale.

Chaka chake choyamba, pa tsiku lokumbukira ufulu, ana anaimikidwa m'mizere kuyambira m'mawa kudikira mlendo wochokera ku boma. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mlendoyo anafika dzuwa lili pamutu, ana awiri atakomoka kale. Anawo anaimba nyimbo zitatu zimene anawaloweza, akuluakulu analankhula, kenako anapita kukadya nkhuku kunyumba kwa ahedi. Tsiku lotsatira Keziah anafunsa kalasi yake za chikondwerero cha dzulo lake.

"Kodi tsiku la mailo linali la ndani?"

Ana anayang'anana. Kenako kamtsikana kena ka kumbuyo kanayankha kuti, "Linali la alendo, aticha."

Yankho limeneli linamukhala pamtima chaka chathunthu. Okutobala wina atayandikira, anapita kwa ahedi a nthawiyo, a Josiah Mwenda, nkhalamba yofatsa imene inkangodikira penshoni. Anawapempha kuti m'mawa ukhale wa alendo monga mwa nthawi zonse, koma masana apatsidwe kwa ana kuti achite zimene iwo eni afuna.

"Masana ndi anu, amai," anatero a Mwenda. "Bola musandiwotchere sukulu."

Umu ndi mmene chinayambira chimene anthu anadzachitcha Masana a Ana. Kuyambira mwezi wa Seputembala, Lachisanu lililonse akaweruka, ana ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu. Keziah ankakhala pa chitsa ndi kope lake. Anadziikira lamulo limodzi lokha: iye sanena choti chichitike. Ntchito yake inali kulemba zimene ana anena ndi kuletsa ndewu. Maganizo akachuluka, ankaika zitini pansi, chitini chimodzi pa ganizo lililonse, ndipo mwana aliyense ankaponya njere imodzi ya chimanga m'chitini chimene wakonda. Njere ya mwana wa Giredi 1 inali yofanana ndi ya mnyamata wa ndevu wa Giredi 7. Akuluakuluwo ankadandaula, koma Keziah sankasuntha.

Zimene zinkatuluka m'zitinimo, munthu wamkulu sakanaziganiza. Kunali mpikisano wa magalimoto a waya, ndipo anawo anakumba msewu wawo wokhala ndi mlatho ndi pokhota. Kunali khola la ng'ombe zadothi, ndipo woweruza anali nkhalamba ina yoweta ng'ombe imene inkayang'ana nyanga ndi linunda mosaseka ngakhale pang'ono. Atsikana ankavina nsongwe, anyamata n'kumayenda pa miyendo yamitengo yaitali kuposa denga la chimbudzi. Chaka china ana anagamula kuti azibambo athamange atasenza zidebe za madzi pamutu. Amai anaseka mpaka kugwa pansi poona amuna awo akunyowa ngati nkhuku za pamvula. Chaka chinanso anagamula mpikisano wa mbuzi. Keziah anadziwa kuti sizitheka, koma anatseka pakamwa. Mbuzizo zinathamangira m'munda wa ndiwo wa ahedi, imodzi n'kulowa pansi pa tebulo la alendo. Chaka chotsatira anawo anakana okha za mbuzi, popanda wowauza.

Mbiri inamveka. Anthu ankabwera pa njinga kuchokera ku Kaumbwe, ena wapansi atabereka ana, kudzaonerera. Ambiri ankafika dala mochedwa kuti zolankhula za m'mawa ziwapite.

Pa moyo wake wa kunyumba panalibe zambiri zosimba. Anakwatiwa ndi Febian, wokonza njinga pa mphambano, ndipo anabereka mwana mmodzi wamwamuna amene anamwalira ndi chikuku asanayambe kulankhula. Febian anapita ku migodi kukafuna ntchito. Analemba makalata awiri, wachitatu sanabwere. Anthu ankanong'ona kuti amai Ngulube amakangamira ana a eni chifukwa alibe wawo. Iye ankazimva, n'kumapitiriza ntchito yake.

Zaka zinapita. Dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo m'midzi munadzaza maudindo. A Mwenda anapuma ntchito. M'malo mwawo munabwera a Mukela, mnyamata wa ku koleji wochokera kutali kumadzulo, wovala taye ngakhale kutenthe bwanji. Chinyanja ankachilankhula mopunduka, Chinsenga sankachimva n'komwe. Sanali munthu woipa mtima. Anali mlendo wamantha, amene ankadziwa kuti lipoti limodzi loipa likhoza kumuponya kusukulu ya kutchire kumene kulibe ngakhale chitsime.

Pofika 1979, zinthu zinali zitasowa. Mchere, shuga, mafuta ophikira, sopo, zonse zinkabwera mwa apo ndi apo ku sitolo ya pamphambano. Mphekesera ikamveka kuti lole yatsitsa katundu, amai ankasiya makasu m'munda kuthamangira pa mzere. Ankaima tsiku lonse, ndipo nthawi zambiri akafika pakhomo ankauzidwa kuti zatha. Ankachapa ndi phulusa ndi mizu ya kutchire. Koma aliyense ankadziwa kuti sitoloyo ili ndi khomo lakuseri, ndipo aliyense ankaona kuti zovala za pa chingwe kunyumba kwa a Benson Daka, tcheyamani wa chipani m'deralo, zinkayera mbuu. Zimenezi sizinkanenedwa mokweza.

Lachisanu lina pansi pa mango paja, anaimirira Rabecca, mtsikana wa Giredi 7, mwana wa mai wamasiye. Anali wanzeru kuposa onse m'kalasimo, ndipo aphunzitsi onse ankayembekeza kuti mayeso a mu Novembala amutengera ku sekondale.

"Chaka chino tichite sewero la mzere wa sopo," anatero. "Ena akhale amai oima pa mzere, wina akhale wogulitsa, wina akhale munthu wamkulu wolowera kuseri."

Ana anaombera m'manja. Aliyense anali ndi chowonjezera, chifukwa aliyense anali ataimapo pa mzerewo kusungira amake malo. Wina anati pakhale gogo wokomoka. Wina anati pakhale mai wobereka dzungu kumbuyo kuti aoneke ngati ali ndi khanda, amulole kupita kutsogolo. Njere zitaponyedwa, chitini cha sewero chinadzaza mpaka kutayikira.

Keziah analemba chiwerengero cha njere. Anayang'ana kope lake nthawi yaitali.

"Mwaganiza bwino, ana inu?" anafunsa.

"Aticha, si munati masana ndi athu?" anayankha Rabecca. "Kapena ndi athu pa za mbuzi pokha?"

Akanatha kukana pomwepo. Mawu amodzi akanakwanira. Koma kwa zaka khumi ndi ziwiri anali asanagubuduzepo chitini, ndipo anadziwa kuti akagubuduza ichi, ana sadzaponyanso njere ndi mtima wonse. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti asatchule dzina la munthu aliyense. Anawo anavomera, ndipo analisungadi lonjezo limenelo.

Tsikulo linafika. M'mawa zonse zinayenda monga mwa mwambo. A Daka analankhula ola lathunthu. Anali ndi chizolowezi chokhosomola kawiri n'kunena kuti "mwachidule" asanayambe nkhani yaitali, ndipo tsikulo anakhosomola kasanu. Masana magalimoto a waya anathamanga, nsongwe inavinidwa, kenako ana anakoka mabenchi n'kupanga sitolo. Mzere unaima, gogo anakomoka, dzungu linagwa kumbuyo kwa mai uja n'kugubuduka mpaka pa mapazi a alendo. Anthu anali akuseka kale. Ndiye anatulukira mnyamata wosewera munthu wamkulu, atalowetsa nsanza m'malaya kuti mimba ituluke. Anazungulira kuseri kwa mabenchi, anaima, anakhosomola kawiri.

"Mwachidule," anatero, "ndipatseni katoni."

Zimenezi Keziah sanazionepo pokonzekera. Bwalo lonse linaphulika. Amai analuluta, azibambo anagwira nthiti, wina anagwa pa njinga imene anatsamira. Mai wina kumbuyo anakuwa m'Chinsenga kuti ndi mmenemo, mwanawe, usasiye. Mlendo wa ku boma naye anaseka, mpaka pamene anatembenuka n'kuona nkhope ya a Daka. A Mukela, amene sanamve bwino chimene chaseketsa anthu, ankangoyang'ana uku ndi uku akumwetulira, kenako wina anawanong'oneza, ndipo kumwetulirako kunauma.

Lolemba m'mawa Keziah anaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Anapeza a Daka atakhala pa mpando wa a Mukela, eni mpandowo ataima pafupi ndi zenera. Panalinso amuna awiri a chipani amene sanapatsidwe mpata wolankhula. Iye sanauzidwe kuti akhale.

"Amai Ngulube," anayamba a Daka, "ndani analemba sewero lija?"

"Silinalembedwe, bambo. Ana anakonza okha, monga amachitira chaka chilichonse."

"Ana?" A Daka anaseka pang'ono. "Mwana amadziwa chiyani za katoni? Mwana ndi mbiya, amatulutsa zimene wathiramo munthu. Pali wamkulu kumbuyo kwa zimenezi, ndipo wamkuluyo ndi mdani wa chitukuko. Koma ngati mukuti ndi ana, chabwino. Tipatseni maina. Amene anayambitsa, ndi amene anakhosomola uja. Lelo lomwe achoke pa sukulu pano, ndipo makolo awo tikambirana nawo za makadi awo a chipani ndi za feteleza."

Keziah anayang'ana a Mukela. Iwo ankayang'ana kunja, kumene ana ankasesa masamba. Kope lija linali m'thumba lake, ndipo m'menemo munali zonse: tsiku, dzina la Rabecca, chiwerengero cha njere. Mayeso anali atatsala milungu itatu.

"Ndine," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Ndine ndinaganiza sewerolo. Ndinawaphunzitsa mawu onse. Ana anangotsatira."

"Mwaona?" A Daka anatembenukira anzawo aja. "Si ndinanena? Mwana sangaganize zotere."

Anamupatsa pepala ndi cholembera kuti alembe zimene wanenazo. Analemba ataimirira, atawerama pa ngodya ya tebulo, ndi zilembo zake zokongola zija zimene zinamupezetsa ntchito. Analemba kuti iye, Keziah Ngulube, ndiye ankakonza zonse za Masana a Ana kuyambira pachiyambi, ndipo ana sankachita kanthu koma kumvera. Anasaina. Pambuyo pake, akamakumbukira tsikulo, sichinali chipongwe cha a Daka chimene chinkamuwawa kwambiri. Chinali chakuti chinthu chokhacho chimene ankanyadira pa moyo wake, kuti sanaikepo mawu ake m'kamwa mwa mwana, anachikana yekha ndi dzanja lake, ndipo anthu anayi anagwedeza mitu kuvomereza kuti zoona ndi zimenezo.

Madzulo a tsikulo anang'amba kope lija n'kulisonkhezera pamoto.

Kalata inabwera sukulu zitatsekera. Sinatchule za sewero. Inangoti popeza aphunzitsi ophunzira ku koleji tsopano alipo okwanira, ntchito ya aphunzitsi osaphunzira siikufunikanso, ndipo inamuthokoza. A Mukela anamupatsa kalatayo ndi manja awiri.

"Amai, ine ndinalibe mphamvu," anatero. "Mukudziwa ndine mlendo kuno."

"Ndikudziwa, ahedi. Nanenso ndazindikira lelo kuti ndinali mlendo."

Mwa anthu onse amene anagwira nthiti tsiku lija, palibe amene anapita kukamulankhulira. Akakumana naye pa chitsime ankapereka moni wachangu, maso ali kwina. Mai mmodzi yekha, amake Rabecca, anabwera kudzera njira ya kuseri kwa munda ndi kathumba ka nshawa. Anakaika pakhomo, anagwada, n'kubwerera njira yomweyo. Keziah anachoka pa ngolo ya ng'ombe ndi bokosi lomwe lija la malata. Ana anali patchuthi, choncho panalibe womuperekeza.

Ku Ndake anapeza makolo ake atamwalira kale, minda itagawidwa. Alongo ake anamupatsa kadimba ndi kanyumba kosungiramo thonje, koma azilamu ake sanamulandire. Akamadutsa ankati, "Aticha, bwerani mutiphunzitse kupalira." Atapirira zaka ziwiri anasamukira pa Nyimba, kumene anachita lendi kachipinda kuseri kwa msika n'kuyamba kugulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi a pa msewu waukulu. Anaphunzira kuthamanga ndi lichero pamutu, kukweza mkono pa zenera, ndi kukangana ndi amai anzake polimbirana basi. Mawu ake a m'kalasi aja anamuthandiza, chifukwa ankamveka kuposa a onse. Anzake a pamsewu sankadziwa kuti anagwirapo choko, ndipo iye sanawauze.

Mu 1986 anamva anthu a m'basi akukamba kuti ku Petauke kukhala chikondwerero chachikulu cha ana a masukulu onse, chokonzedwa ndi ana eni ake, ndipo kubwera alendo ochokera ku Lusaka. Anadziuza kuti sapita. Tsikulo litakwana anavala chitenje chake chabwino, anasiya nthochi m'chipinda, n'kukwera basi.

Pa bwalo panali nsalu yaitali yolembedwa kuti ANA AKONZA OKHA. Pa tebulo la alendo panali zitini zisanu zopakidwa utoto, zodzaza chimanga mofanana ndendende, ndipo mphunzitsi wina ankazionetsa kwa alendowo. Ana anali m'mizere padzuwa, yunifolomu zochapidwa, manja kumbuyo. Gulu lililonse likaitanidwa linkabwera kutsogolo, kunena ndakatulo yothokoza atsogoleri, n'kubwerera. Magalimoto a waya analipo, koma anali atawandandika pa mphasa kuti alendo awaone, ndipo mwana wina atafuna kugwira yake anamenyedwa pa dzanja.

Kenako anaimirira a Mukela. Anali atanenepa, atakwezedwa pa ntchito, ndipo Chinyanja chawo chinali chitawongoka. Anafotokoza kuti njira imeneyi yofunsa ana maganizo awo anaiyamba iwo, zaka zapitazo, pa kasukulu kena ka ku Kalindawalo, pansi pa mtengo wa mango. Alendo anaomba m'manja. Mmodzi analemba m'kabuku.

Pa nthawi yopuma a Mukela anamuona ataima kumbuyo kwa chingwe. Anazengereza, kenako anabwera.

"Amai Ngulube! Mukanatumiza uthenga, ndikanakusungirani mpando."

"Musavutike, bambo. Ndinazolowera kuima."

A Mukela anaseka ngati amva nthabwala, anamugwira dzanja, n'kubwerera kwa alendo awo.

Keziah anali akutembenuka kuti azipita pamene anaona mphunzitsi wamkazi akuwongola mzere wa ana a Giredi 3 ndi kandodo. Mwana akaiwala mawu, mphunzitsiyo ankamunong'oneza, akalakwitsanso ankamugogoda pa phewa. Anamuzindikira ndi kaimidwe kake. Anali Rabecca. Nayenso anamuona, ndipo kandodo kaja anakabisa kumbuyo kwa siketi. Anabwera pa chingwe n'kupinda mawondo.

"Aticha. Muli bwanji?"

"Ndili bwino, mwanawe. Ndiye unapita ku koleji?"

"Ndinapita, aticha. Chifukwa cha inu. Amai anandiuza zonse."

Keziah analoza ana aja ndi chibwano. "Ndakatulo imeneyi wapeka ndani?"

Rabecca anayang'ana pansi. "Inachokera ku ofesi."

"Nanga iwowa anafuna kuchita chiyani? Unawafunsa?"

"Sindinawafunse." Anakweza maso, ndipo munalibe manyazi mmene Keziah ankayembekezera, munali kutopa. "Aticha, ndili ndi ana awiri, amai akudwala, ndipo onse akuyang'ana ine. Ine ndinaona ndi maso anga. Mwana akalankhula, wamkulu amakwera ngolo. Munali ndi mtima umene ine ndilibe. Mundikhululukire."

Wina anaimba wezulo, ndipo Rabecca anathamangira ku mzere wake. Keziah sanadikire kuti chikondwererocho chithe. Anayenda wapansi mpaka pa siteji, n'kudikira basi maola awiri. Atafika pa Nyimba anapeza nthochi zake zitapsa mopitirira chifukwa cha kutentha kwa m'chipinda cha malata. M'mawa mwake anazigulitsa motchipa kwa mai wina wophika zitumbuwa.

Anakhala pamsewupo zaka zina zinayi. Miyendo itayamba kutupa anasiya kuthamangira mabasi, n'kumakhala pa mthunzi ndi lichero pamiyendo, kudikira okwera amene atsika kukawongola msana. Anamwalira mu 1990, nthawi ya dzinja, atadwala chifuwa milungu itatu. Amai anzake a pamsewu anasonkha n'kupeza galimoto yonyamula maliro kupita ku Ndake. Msewu unali woterera, moti anafika mochedwa, manda atalowa madzi, ndipo anyamata anayamba awakapa ndi zidebe. Mlaliki anali wachilendo m'deralo. Anafunsa achibale za moyo wa malemuyo, ndipo pa mandapo ananena zimene anamuuza: kuti anali mai wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula, amene ankadzidyetsa yekha ndi geni ya nthochi.